Kutseka mphepo kutsogolo kwa galimoto ya hybrid: kabuku ka mabanja a ku Nyatsime

M'makomo ambiri a ku Nyatsime masiku ano mumagona Toyota Aqua, Prius kapena Honda Fit ya hybrid, magalimoto obwera kuchokera ku Japan atayendako kale. Ena ndi opitira kuntchito ku Harare, ena ndi odyetsa banja lonse ponyamula anthu pa inDrive kapena pa mushikashika. Onsewo adagulidwa pa chifukwa chimodzi, chakuti samwa petulo wambiri. Ndiye Juni akalowa, mwini galimoto n'kuona kuti mafuta ayamba kutha msanga, mtima umamupweteka. Pamenepo m'pamene wina amamunong'oneza nzeru yomwe adaiona pa YouTube: tsekani grille, injini itenthe msanga, petulo atsale.

Nzeruyo si yabodza. Idachokera kumaiko monga Canada, kumpoto kwa America ndi chilumba cha Hokkaido ku Japan, kumene madzi amaundana panja kwa miyezi ingapo. Funso n'lakuti kodi ikutiyenera ife okhala kuno? Kabuku kano kakuyankha kuti masiku ambiri a chaka siikutiyenera, ndipo amene waumirira kuiyesa asayambe asanapeze njira yowerengera kutentha kwa injini yake m'manambala.

Chifukwa chake hybrid imadana ndi kuzizira

Galimoto wamba ikaliza injini, injiniyo siizima mpaka mutafika. Ya hybrid imazima pa roboti, imazima potsetsereka, imazima mumndandanda wa magalimoto, ndipo m'kuzimako ndi momwe imasungira mafuta. Koma kompyuta yake siilola injini kupuma ikadali yozizira. Pa ma Toyota, injini imalira mosalekeza mpaka madzi ake atafika madigiri pafupifupi 40, ndipo imayamba kuzima ndi kuyaka momasuka madziwo akayandikira 70. Mukayatsa hita, kutentha komwe kukulowa m'kati kukuchotsedwa m'madzi omwewo, choncho injini imayakanso kuti ibwezere zomwe hita yatenga. Ichi ndicho chifukwa chachikulu mafuta amathera msanga m'mawa wa Juni ndi Julaye.

Grille ndi mipata ija ya kutsogolo, pamwamba ndi pansi pa nambala ya galimoto, momwe mphepo imalowera kukaziziritsa radiyeta. Mukaitseka, mphepo yozizira imachepa m'chipinda cha injini, ndipo injini ikazima siizizira msanga. A Toyota eni ake adaiona mfundoyi: Prius yomwe idatuluka kumapeto kwa 2015 ili ndi timazenera kuseri kwa grille tomwe timatseka ndi kutseguka tokha. Kusiyana kwake n'kwakuti timazenerato timamvera kompyuta yomwe ikuwerenga kutentha mphindi iliyonse, pamene katoni yomwe mwaika inu siimva kanthu. Idzakhala pomwepo dzuwa likakwera, pomwepo pokwera phiri, mpaka mutaikumbukira. Ngati Prius yanu ndi ya mtundu watsopanowu, ntchitoyi idagwiridwa kale ndipo musawonjezerepo chilichonse.

Nyengo yathu

Chitungwiza ali pamtunda wa mamita oposa 1,400 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. M'mawa wa Juni ndi Julaye kumazizira kufika madigiri 6 kapena 7, ndipo m'zigwa za mtsinje wa Nyatsime ndi wa Manyame chisanu chimagwa masiku ena. Koma ikamakwana 11 koloko jekete timavula, ndipo masana kumafika madigiri 20 kapena kuposerapo. Amene adayambitsa zotseka grille amakhala tsiku lonse kutentha kuli pansi pa ziro. Kwathu kuno kuzizira kwenikweni ndi kwa maola atatu kapena anayi, miyezi iwiri pa chaka.

Tiwerengetsere phindu lake. Kuchokera ku Nyatsime kukafika pakati pa Harare ndi makilomita pafupifupi 30. Aqua yabwinobwino imamwa lita imodzi ndi kachidutswa pa ulendo umenewo. Tiyerekeze kuti kutseka grille kwakupulumutsirani gawo limodzi mwa magawo 20, komwe ndi kuyerekeza kowolowa manja: petulo wotsalayo sangadzaze ngakhale theka la kapu ya tiyi. Mbali inayi ikani mtengo wa gasketi yomwe yapsa, mutu wa injini wopindika, kapena inverter yomwe mudzaisaka kwa ogulitsa zida ku Kaguvi Street. Banja likhale pansi liyerekeze ziwirizi.

Madzi ali pawiri

Apa m'pomwe ambiri amaphonya. Aqua ndi Prius zili ndi njira ziwiri za madzi oziziritsa, zosalumikizana. Tsegulani boneti, galimoto ili yozima, muona timabotolo tiwiri ta madzi apinki. Kena n'ka injini. Kenako n'ka inverter, bokosi lachitsulo lija lomwe mumalowa mawaya okhuthala a mtundu wa lalanje. Inverter ndiyo imasandutsa magetsi a batire lalikulu kuti ayendetse mota, ndipo imakweza mphamvu yake: pa Prius ya 2009 mpaka 2015 imatenga mavoti pafupifupi 200 n'kuwafikitsa mpaka 650, pa Aqua imayambira pa 144. Mawaya alalanjewo musawakhudze, musawakoke, musamangirirepo kanthu.

Injini imakonda kutentha. Inverter siikonda ngakhale pang'ono, ndipo siipindula kalikonse ndi kutsekedwa kwa mphepo. Ili ndi pampu yakeyake yamagetsi komanso chigawo chake cha radiyeta kuseri kwa grille yomweyo. Pa magalimoto ena chigawocho chili kumunsi, pa ena chili kumtunda, choncho malangizo a munthu yemwe ali ndi galimoto ya chaka china akhoza kukutsekereni mphepo pamalo pomwe imafunika kwambiri. Londolani mapaipi ochokera pa kabotolo ka inverter ndi maso mpaka muone pomwe akulowera, kapena makaniko wodziwa ma hybrid akulozereni. Mbali imeneyo isatsekedwe nyengo iliyonse.

Pampu ya inverter imafa mwakachetechete. Pa Prius ya 2004 mpaka 2009 vutoli lidakula mpaka kampani idaitanitsa magalimotowo mu 2012 kuti isinthe mapampu. Kuyesa kwake n'kosavuta: galimoto ili pa READY, yang'anani m'kabotolo ka inverter. Madzi azioneka akuyenda, akuchita timafunde. Akangoti zii, pampu yaima, ndipo galimoto imeneyo ipite kwa makaniko, zotseka grille ziiwalike.

Honda Fit ya hybrid yoyamba, yomwe idatuluka mu 2010, ndi yosiyana: zida zake zamagetsi zili kumbuyo pamodzi ndi batire ndipo zimaziziritsidwa ndi mpweya. Komabe injini yake imadalira radiyeta ngati ina iliyonse. Kutsogolo kwa radiyeta pa magalimoto onsewa palinso kondensa ya AC, yomwe imagwira ntchito ngakhale m'mawa wozizira mukamachotsa nkhungu pagalasi. Nayonso imafuna mphepo.

Manambala oyenera kuwasunga pamtima

Aqua ndi Prius zambiri zilibe muvi wosonyeza kutentha kwa injini. Zili ndi nyali yofiira basi, ndipo nyaliyo ikamayaka madzi amakhala atadutsa kale madigiri 110. Fit ili ndi nyali yabuluu yoti injini ikadali yozizira ndi yofiira yoti yatenthetsa. Pakati pa ziwirizo siikuuzani kanthu. Munthu wotseka grille n'kumadikira nyali yofiira adzadziwa vuto litachitika kale.

Chofunika ndi kachipangizo kotchedwa ELM327, komwe kamalowa pa soketi ya OBD2 pansi pa chiwongolero n'kulankhulana ndi foni pa Bluetooth. Pa foni muike pulogalamu monga Hybrid Assistant, Torque kapena Car Scanner. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chida chilichonse cha injini, ndipo mabanja oyandikana akhoza kusonkherana n'kumabwerekana. Foni ikhale pa chogwirira chake, kapena aziwerenga ndi mnzanu amene mwakwera naye. Mukamaliza muzizula kachipangizoko, chifukwa tina timadya batire laling'ono galimoto itaima.

Yendani sabata yathunthu musanatseke kalikonse, muone manambala a galimoto yanu ili bwinobwino. Thermostat ya injini za Toyota zimenezi imayamba kutseguka madzi akafika pakati pa madigiri 80 ndi 84. Choncho:

Pakati pa 80 ndi 95, injini ili pamalo pake. Ikamazima kawirikawiri m'tauni ikhoza kutsikira ku 70, ndipo palibe cholakwika.

Pakati pa 95 ndi 100, mafani a radiyeta amakhala akuzungulira. Pa galimoto yosatsekedwa izi zimachitika pokwera phiri kapena mumndandanda kukutentha. Pa galimoto yotsekedwa, kumva mafani akulira kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti mwatseketsa. Mafaniwo akudya magetsi omwe injini iyenera kuwabwezera ndi petulo, ndiye phindu lija latha kale.

Ikadutsa 100, imani pamalo abwino muchotse zonse zomwe mwaika. Ikafika 105 n'kumakwerabe, zimitsani galimoto.

Madzi a inverter akhale pansi kwambiri pa manambala amenewa. Akamayandikira 60, chotsani chotsekeracho osachita kukambirana.

Pali chifukwa china chomwe malire athu ayenera kukhalira otsika kusiyana ndi a anthu a ku Durban kapena ku Beira. Pamtunda ngati wa Chitungwiza, madzi wamba amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chomwe chimaletsa madzi a injini kuwira ndi zinthu ziwiri: mankhwala a coolant, ndi chivindikiro chomwe chimasunga mphamvu ya mpweya pafupifupi bar imodzi m'kati. Zonse ziwiri zikakhala bwino, madziwo amapirira kupitirira madigiri 120. Koma ngati labala wa chivindikiro watha ndipo m'kati mwadzaza madzi wamba, injini ikhoza kuwira pa kutentha komwe pa galimoto ina n'kwa tsiku ndi tsiku. Madzi akayamba kuwira, nthunzi siichotsa kutentha pa chitsulo, ndipo mutu wa injini, womwe ndi wa aluminiyamu, umapindika.

Musanaganize zotseka, onani izi

Ngati pamsewu wautali injini yanu ikukhala pa 60 kapena 70 osakwera, vuto si mphepo. Thermostat yakanirira chitsegukire, kapena wina adaichotsa. Chizolowezi chochotsa thermostat chidazika mizu pakati pa amakaniko a kuno, ndi mawu akuti idapangidwira kozizira ku Japan. Pa hybrid chimenechi ndi chipongwe chachikulu, chifukwa injini yosafika pa kutentha kwake siizima, ndipo mwiniwake amalipira pa pampu ya petulo tsiku lililonse. Nthawi zina kompyuta imadandaula ndi nambala P0128. Mankhwala ake ndi thermostat yatsopano yoyenera galimotoyo, osati katoni.

Chachiwiri ndi madzi omwe mumathira. Tonse tikudziwa momwe madzi a m'mipopi amasowera ku Chitungwiza, ndipo pakhomo pambiri chigubu chomwe chili pafupi ndi cha madzi a pamjigo kapena pachitsime. Madzi amenewo ali ndi michere yomwe imakakamira m'timipata ta radiyeta, imadya aluminiyamu, ndipo imafupikitsa moyo wa pampu. Aqua ndi Prius ya 2009 kupita m'tsogolo zimayendetsa madzi a injini ndi pampu yamagetsi, yopanda lamba, yomwe mtengo wake si wamasewera. Coolant wa Toyota wapinki amabwera wosakaniza kale, theka mankhwala theka madzi oyeretsedwa, ndipo sathiridwanso madzi. Wa m'fakitale amasinthidwa pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 iliyonse, kapena zaka zikachuluka ngakhale makilomita asanakwane. Galimoto yomwe yabwera kuchokera ku Japan ili ndi zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, ingomusinthani mudziwe poyambira. Musasakanize wapinki ndi wobiriwira.

Chachitatu, ndipo kwa ife a ku Nyatsime ndicho chachikulu: grille ya galimoto yanu mwina ndi yotsekeka kale. Misewu yathu yambiri ndi yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Fumbi, njere za udzu, tizilombo, timapepala tapulasitiki, zonsezi zimakamatirira pa kondensa ndi pakati pa kondensa ndi radiyeta, pomwe diso silifika msanga. Unikani ndi tochi kudzera m'mipata ya grille. Ngati timizere ta aluminiyamu sitikuoneka bwino, mphepo yachepa kale popanda inu kuikapo kanthu, ndipo kuwonjezera chotsekera ndi kuputa tsoka. Tsukani injini itazizira, ndi madzi a paipi opanda mphamvu yambiri, chifukwa makina otsukira galimoto aja amapinda timizereto. Madzi asalunjike pa inverter kapena pa mawaya.

Eni Prius ya 2009 mpaka 2015 achenjere mwapadera. Injini yake ya malita 1.8 imadziwika ndi kupsa gasketi makilomita akachuluka, makamaka njira ya EGR, yobwezera utsi m'injini, ikadzaza mwaye. Ikamagwedezeka ndi kugogoda poiliza m'mawa, kapena coolant akamachepa popanda podontha, isatsekedwe mphepo ngakhale tsiku limodzi.

Kwa amene waganiza zoyesabe

Alipo amene kutseka pang'ono kungawathandize: munthu wonyamuka mbandakucha mu Juni kapena Julaye, woyenda ulendo waufupi, mwina kukasiya ana kusukulu ku Zengeza kapena kukatsegula shopu pa Makoni, galimoto n'kuima mpaka madzulo. Ngati ndinu ameneyo, ndipo zonse zatchulidwa pamwambazi zili bwino, chitani motere.

Gwiritsani ntchito thovu lija lokutira mapaipi a madzi otentha, lomwe limapezeka m'mashopu a zomangira. Lidulidwe m'litali n'kukanikizidwa pakati pa mizere ya grille, kunja, pomwe mukuliona ndiponso mungalizule ndi dzanja limodzi. Katoni yolowetsa m'kati kutsamira radiyeta ndi yoipa: imatseka ngakhale mphepo yomwe mafani akukoka, imanyowa, ndipo imaiwalika. Pepala lapulasitiki ndi saka zimakokedwera m'kati.

Yambani ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mbali ya injini. Yendani masiku angapo mukuwerenga manambala. Musapitirire theka, ndipo mbali ya inverter ikhale yotseguka. Kunja kukafika madigiri 15, chotsani. Izi zikutanthauza kuti masiku ambiri mudzaika m'mawa n'kuchotsa dzuwa likakwera, ndipo anthu ambiri akachita zimenezi sabata ziwiri amatopa okha.

Galimoto ya banja imayendetsedwa ndi anthu angapo. Bambo aika thovu m'mawa, masana mayi atenga galimoto kupita ku Mbare kukapikula katundu, kapena mwana wa achimwene wabwereka kuti akatenge anthu. Aliyense wogwira kiyi adziwe kuti kutsogolo kuli chinthu, ndipo kapepala kamatidwe pa chiwongolero. Galimoto yonyamula anthu tsiku lonse isatsekedwe n'komwe. Injini yake imatentha kamodzi m'mawa n'kukhala yotentha mpaka usiku, katundu ndi wolemera, ndipo mndandanda wa pa Seke Road suuza munthu kuti utha nthawi yanji.

Pa ulendo wautali, chilichonse chichoke musanatuluke pageti. Wopita ku Mutare akakumana ndi Christmas Pass, wopita ku Shurugwi ndi Zvishavane akakumana ndi Boterekwa. Wopita kumudzi ku Malawi kudzera ku Nyamapanda amanyamuka kuno atavala jekete, koma msewu umatsika mpaka ku Tete m'chigwa cha Zambezi, komwe ngakhale mu Julaye masana kumatentha ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Kuchoka apo galimoto yodzaza masaka ndi anthu iyenera kukweranso mpaka ku Zobue ndi Mwanza. Njira ya ku Beitbridge, ya ku Chirundu ndi ya ku Kariba nazo ndi zotsikira kotentha. Seputembala akalowa, thovu lija litayidwe kapena likasungidwe kutali ndi galimoto.

Njira zosavulaza galimoto

Petulo yemwe mukumusaka potseka grille akhoza kupezeka mosavuta kwina. Siyani hita yozima kwa mphindi zisanu kapena khumi zoyambirira, injini iyambe yatentha. Koma galasi likachita nkhungu, nkhunguyo ichotsedwe, chifukwa kuona msewu kumaposa mafuta. Musaimike galimoto pakhomo ikulira kuti itenthe, nyamukani pang'onopang'ono, imatentha msanga ikuyenda. Maulendo ang'onoang'ono aphatikizidwe, muyambe ndi wakutali kwambiri. Matayala amatsika mpweya kukazizira, ayesedwe m'mawa molingana ndi nambala yolembedwa pakhomo la dalaivala. Oyilo akhale wopyapyala monga buku la galimoto likunenera, pa Aqua ndi Prius zambiri ndi 0W-20; oyilo wokhuthala yemwe amathira m'magalimoto akale amalemetsa injini yozizira.

Pali mpata wina wa mphepo womwe sukhudzana ndi grille koma umatsekedwa tsiku ndi tsiku mosadziwa. Batire lalikulu limapuma mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kasefa kali pafupi ndi mpando wakumbuyo: pa Aqua kali m'munsi mwa mpandowo, pa Prius ya 2009 mpaka 2015 kali m'mbali mwake. Chikwama, bulangeti, chitenje kapena nsalu yokutira mipando ikatseka pamenepo, batire limatentha ndipo limakalamba msanga. Ndi fumbi la kuno, fani yake imafuna kutsukidwa kamodzi pa chaka, ndipo ana auzidwe kuti m'kasefako salowetsamo mapepala a maswiti kapena kuthiramo chakumwa.

Ikatenthetsa panjira

Nyali yofiira ikayaka, kapena uthenga wonena za kutentha kwa zida za hybrid ukatuluka, kapena galimoto ikafooka mwadzidzidzi, patukani pamalo abwino, zimitsani AC, kenako zimitsani galimoto yonse mpaka mawu a READY achoke. Izi n'zofunika chifukwa hybrid ikakhala pa READY injini imatha kuliza yokha manja anu ali m'kati, ndipo mafani amayamba kuzungulira osachenjeza. Ngati pakutuluka nthunzi, boneti isatsegulidwe mpaka nthunziyo itatha. Chotsani zonse zomwe zili pa grille. Chivindikiro chisatsegulidwe injini ili yotentha, ngakhale ndi nsanza. Madzi ake amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Ana akhale patali.

Dikirani theka la ola kapena kuposerapo. Yang'anani pansi ngati pakudontha, muone mlingo m'timabotolo tonse tiwiri. Ngati wa injini watsika ndipo coolant mulibe, madzi oyera a m'botolo akhoza kukufikitsani kwa makaniko, koma akachotsedwe msanga. Lizani galimoto, yatsani AC, muone ngati mafani akuzungulira. Akapanda kuzungulira, kapena kutentha kukayambanso kukwera, kapena madzi a inverter akakhala osayenda, galimoto inyamulidwe pa lole. Hybrid siikokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi, chifukwa akamazungulira amazunguzanso mota yomwe imapanga magetsi, ndipo zimenezi zikhoza kuwononga inverter ndi giyabokosi. Mukafika kwa makaniko muuzeni zonse, kuphatikizapo zakuti grille inali yotseka komanso nambala yaikulu yomwe foni idaonetsa, kuti adziwe ngati ayese gasketi.